Zolemba za ntchito: kuphimba ndi kukongoletsa maboneti a magalimoto atatu onyamula anthu ku Mangochi

Ntchitoyi ikugwiridwa pa boma la Mangochi ndipo ili m'manja mwa amisiri atatu: wopopera penti, telala wosoka mipando ya galimoto, ndi wodula masitika. Magalimoto ake ndi atatunso. Yoyamba ndi Toyota HiAce yoyera ya mtundu wa H200, uja unayamba kupangidwa mu 2004 womwe ku South Africa amautcha Quantum. Imeneyi imayenda msewu wa M3 pakati pa Mangochi ndi Liwonde. Yachiwiri ndi Toyota Sienta yonyamula anthu pa M10 kupita ku Monkey Bay. Yachitatu ndi Nissan Caravan ya E25 yomwe imawoloka mlatho wa Bakili Muluzi m'mawa uliwonse kulowera ku Malindi, masiku ena mpaka ku Makanjira. Eni ake anavomera kuti tizilemba zomwe tikuona kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika, chifukwa chophimba chomwe sichinakumane ndi dzuwa la Okutobala ndi mvula ya Disembala sitinganene kuti chayesedwa.

Sabata yoyamba: kufunsa chifukwa

Tisanagule ngakhale ulusi, tafunsa mwini aliyense funso limodzi: bwana, bonetiyi mukufuna kuiphimbiranji? Mayankho atuluka atatu osiyana, ndipo ndi amene atsogolere ntchito yonse.

A HiAce akudandaula miyala. Boneti ya H200 ndi yaifupi komanso yoimirira, ndiye mwala uliwonse wogendedwa ndi tayala la lole yomwe ili kutsogolo umafikira pomwepo. Minibasi imaimaima m'mbali mwa msewu kutola anthu, mmene muli timiyala tambiri, ndipo ikamadzuka kumbuyo kwa inzake imalandira zonse. Pabonetipo pali mabala ambirimbiri, ena ngati mutu wa machesi, ena ngati njere ya chimanga. Akuluakuluwo afika pachitsulo ndipo achita kale kadzimbiri kofiirira pakati.

A Sienta vuto lawo ndi nsomba. Munthu akagula chambo kapena kampango m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, nsombayo imamangidwa pachingwe n'kukoleka kutsogolo, pa waipa kapena pagalasi loonera m'mbali, kuti ipitidwe mphepo komanso isanunkhe m'kati. Madzi ake, magazi ndi mamba zimadonthera paboneti, dzuwa n'kuziwotchera pomwepo. Pa Sienta injini ili pansi pa boneti pomwepo, ndiye chitsulocho chimaotchedwa pansi ndi pamwamba. Kiliya, penti woonekera uja woteteza pamwamba pa penti wamtundu, wayamba kale kuyera ndi kusupuka timizeremizere motsata mmene madziwo amatsikira.

A Caravan akuti akufuna dzina looneka patali, kuti makasitomala awo aziizindikira isanafike pasiteji. Chifukwa chimenechi n'choona ndithu. Kumene magalimoto ndi ochepa ngati njira ya ku Makanjira, munthu amadikira galimoto yomwe amaidalira, ndipo amaitchula ndi mawu olembedwa kutsogolo, osati nambala. Koma titamatula sitika yakale yomwe inali pakona ya kumanzere, pansi pake panali dzimbiri lofufuma lalikulu ngati chikhatho. Sitikayo inamatidwa ndi mwini woyamba, ndipo ntchito yake inali kubisa.

Ichi ndi chifukwa chachinayi chomwe satchula pagulu, koma amisiri timakumana nacho kawirikawiri: chophimba chobisa ngozi yakale kapena dzimbiri galimoto ikamagulitsidwa. Mukamagula minibasi yovala chophimba, pemphani achivule inu mukuona. Tengani kamaginito ka sipika yakale, kakulungeni m'kansanza kuti kasakande penti, n'kukayendetsa paboneti yonse. Pomwe kakukana kugwira kapena kakugwira mofooka, pamenepo pali fila wochindikala, phala lija lodzazira pomwe chitsulo chinabonyoka. Tsegulaninso boneti muone mabawuti a mahinjesi: ngati penti wa pamitu pake anathetheka, bonetiyo inamasulidwapo.

Zomwe tagwirizana: HiAce ivala chophimba cha rekizini chovula, Sienta ilandira chotchinga chopepuka chochapika, Caravan ikonzedwa chitsulo kaye kenako masitika. Palibe chomwe chiikidwe pamwamba pa dzimbiri.

Sabata yachiwiri: chitsulo kaye

Boneti ya Caravan taimasula. Tisanamasule tazunguliza mahinjesi ndi pensulo kuti pobwezera ikhale pomwe inali, apo ayi mpata wa m'mbali umapendekeka ndipo loko savomera bwino.

Pamalo padzimbiri tapala ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 80 mpaka chitsulo kuwala, kenako wosalalirapo wa 180. Mwayi wake chitsulo sichinabooke, changochita timaenje. M'timaenjemo sandipepa safika, ndiye tapaka mankhwala opha dzimbiri aja okhala ndi phosphoric acid, n'kuwasiya agwire ntchito monga mwa malangizo a pabotolo, kenako kupukuta ndi kuumitsa bwinobwino. Tatembenuzanso boneti. Dzimbiri lambiri la maboneti limayambira kuseri, pamkupiro wa m'munsi pomwe chitsulo cha pamwamba chinapindidwira pa cha m'kati, chifukwa madzi ndi fumbi zimagona m'menemo. Apa panali timabowo totulutsira madzi titatsekeka ndi dothi louma. Tatitsegula ndi kawaya.

M'mphepete mwa penti wakale tasalaza ndi 320 mpaka chala chisamamve polekezera. Pachitsulo chosavala tayamba ndi etch primer wopyapyala, penti woyamba wogwira pachitsulo, kenako pulaima wa 2K, uja wosakaniza ndi mankhwala oumitsa otchedwa hardener, kawiri, kusiya mphindi 10 pakati. Wathuyu amasakanizidwa magawo 4 a pulaima ku gawo limodzi la hardener, koma musaloweze nambala imeneyi, werengani pachitini chanu chifukwa amasiyana. Tsiku lotsatira tasalaza ndi 600 wamadzi, kenako penti, kenako kiliya kawiri.

Zinthu ziwiri zatilakwikira. Choyamba, tinapopera pulaima cha m'ma 11 koloko ndi thinazi (wosungunulira penti) wouma msanga. Kutentha kwa kuno kunaumitsa pentiyo asanafike n'komwe pachitsulo, ndipo anatera ngati mchenga. Tapalanso, n'kubwereza m'mamawa ndi thinazi wochedwa kuuma. Chachiwiri, pakiliya woyamba panatuluka timaso tozungulira ngati ta nsomba. Gwero lake linali madzi mu thanki ya kompuresa ndi nsanza yomwe inagwiritsidwapo ntchito popaka mankhwala owalitsa matayala. Mankhwala amenewo ali ndi silicone, ndipo penti amamuthawa. Tsopano thanki ikukhetsedwa m'mawa uliwonse, ndipo nsanza za penti zili m'chidebe chakechake.

Wopopera 2K avale chotchinga mphuno chenicheni chokhala ndi zosefera, osati kansalu. Hardener uja ali ndi poizoni wowononga mapapo, ndipo samveka kuwawa tsiku lomwelo.

Mabala a HiAce sitinapopere. Lililonse talikanda ndi kansonga ka sandipepa, kulipha dzimbiri, kudonthezamo pulaima ndi kamtengo ka machesi kosongola, kenako penti woyera kawiri. Pafupi zimaoneka, koma chitsulo chatsekeka, ndipo ndicho tikufuna.

Caravan ibwerera pamsewu yopanda sitika kwa masiku osachepera 30. Mwini wake sanakondwe nazo. Koma penti watsopano amapitiriza kutulutsa mpweya wa thinazi kwa milungu ingapo ngakhale akuoneka wouma, ndipo sitika ikamatidwa msanga imatukusira, kapena tsiku lomatula imachoka ndi penti yemwe.

Sabata yachitatu ndi yachinayi: kudula ndi kusoka chophimba cha HiAce

Chophimba chabwino chimayambira papepala. Tamata pepala lolimba paboneti ndi tepi, n'kulisindikiza ndi chala m'mphepete monse kuti mzere utuluke, n'kulembapo pomwe pali chizindikiro cha Toyota ndi pomwe pali loko. Tapinda pepalalo pakati kuti mbali ziwiri zifanane. Pozungulira tawonjezera masentimita 4 opindira kuseri ndi sentimita imodzi ndi theka ya msoko.

Zomwe zalowa: rekizini wa mipando ya galimoto mamita awiri, wa m'lifupi pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 40, nsalu yofewa ya fulanelo yoyala m'kati, muyeso womwewo, riboni wotchingira m'mphepete mamita 5, lasitiki wa mamilimita 25 mamita awiri, lamba wa zikwama mita imodzi ndi theka, timabakolo tiwiri ta pulasitiki, ndi ngowe zinayi. Thupi la H200 yopapatiza ndi mamilimita 1,695 m'lifupi, ndiye boneti ndi zopindira zake sizikwana mopingasa rekizini. Dulani motsata utali wake. Ubwino wake, popeza bonetiyi ndi yaifupi, m'mamita awiri omwewo mumatuluka zophimba ziwiri.

Pa rekizini musanyengedwe ndi mtengo. Wa mipando ya m'nyumba amawala bwino pashopu, koma sanapangidwire dzuwa. Mupindeni kanayi pakona n'kutsina: akayera pomwe mwapindapo, ameneyo adzang'aluka msanga. Kuseri kwake kukhale nsalu yolukana yotamuka pang'ono, osati yonga pepala.

Ulusi ndi wa polyester wochindikala. Wa thonje umaola ukanyowa, wa nayiloni umafooka ndi dzuwa. Singano ndi nambala 18, ndipo msoko ukhale wotalikirana, mamilimita 4 kapena 5. Mukasoka mothithikana ngati malaya, timabowo ta singano timasanduka mzere wong'ambira, ndipo mphepo ikakoka chophimba chimatseguka pomwepo ngati pepala la risiti.

Tinakangana pang'ono za siponji. Eni magalimoto ambiri amaikonda chifukwa chophimba chimatupa mooneka bwino, ndipo n'zoona kuti imachepetsa mphamvu ya mwala. Koma siponji imamwa madzi n'kuwasunga masiku awiri kapena atatu atatsamira penti. Tasankha fulanelo yekha. Pa chophimba chachiwiri chija taikamo siponji ya mamilimita 3 mwadala, kuti mvula ikabwera tiyerekeze.

Makona awiri a m'munsi tawasoka ngati matumba ovala nsonga za boneti. Ngowe tazipanga ndi timizere ta aluminiyamu topinda, n'kuziveka kapaipi kofewa kuti chitsulo chisakhudze penti. Maringi achitsulo aja oboolera tenti tawakana: amadya penti mozungulira ngati ndalama. Potulukira madzi tangosiya timipata titatu pamsoko wa m'munsi, totchingidwa ndi ulusi m'mbali.

Malamba a kuseri asadutse pa loko. Boneti ili ndi zogwira ziwiri, yaikulu yomwe mumakoka muli m'kati ndi kangowe kachiwiri kotsegula ndi chala. Lamba kapena mpira wa chubu ukalowa pamenepo, boneti imaoneka yotseka pomwe yangogwira theka, ndipo ikatseguka galimoto ikuthamanga imatseka maso a dalaivala. Mukamaliza kuveka, tsekani n'kuikoka m'mwamba ndi manja awiri. Komanso chophimba chisatsikire pa girilo, timipata tolowera mpweya ta kutsogolo tija. Injini ya H200 ili pansi pa mipando, inde, koma rediyeta ili kutsogolo ndipo imapuma kudzera pamenepo. Minibasi yodzaza anthu ndi katundu m'mwezi wa Okutobala ilibe mpweya wotaya.

Sabata yachisanu: ulendo woyamba

Taveka HiAce boneti ili yochapa, youma, ndiponso yopaka polishi. Yapita ku Liwonde n'kubwerako. Dalaivala wabwera ndi dandaulo lakuti ikafika cha m'ma makilomita 70 kapena 80 pa ola, kumamveka phaphapha kutsogolo.

Titavula tapeza kamzere kosawala m'mphepete mwa pamwamba, kotalika ngati chikhatho, pomwe riboni amamenya penti. Tsiku limodzi lokha. Cholakwa chinali chathu: m'mphepete mwa pamwamba tinadalira lasitiki yekha. Mphepo ikamakwera boneti kulowera pagalasi imayamwa chophimba m'mwamba, lasitiki amalola, kenako amabweza, kambirimbiri pa mphindi imodzi. Tachotsa lasitiki pamenepo n'kuika lamba wosatamuka wokhala ndi bakolo, ndipo m'kati mwa mpendero talowetsa kamzere ka pulasitiki kolimba kodula ku chigubu, masentimita awiri m'lifupi, kuti m'mphepete musapindike. Lasitiki watsala m'mbali mokha. Ulendo wachiwiri kunali zii.

Lamulo lomwe tatengapo: vekani masana rekizini atafunda, chifukwa amatamuka ndi kutentha. Mukamanga m'mawa kukuzizira, pofika masana amakhala atakhwepa. Ndipo pakatha masiku atatu mangitsaninso.

Kamzere kaja kachoka ndi polishi wokhakhala pang'ono. Kakanakhala mwezi, kakanafika pa pulaima.

Sabata yachisanu ndi chimodzi: Sienta ndi nsomba

Apa rekizini wokhala ndi nsalu m'kati sangathandize. Madzi a nsomba akalowa mu fulanelo, fungo silichoka ngakhale muchape kangati, ndipo ntchentche zimatsatira galimoto mpaka kudepoti. Tadula chidutswa cha tenti ya PVC, ija yofunditsa malole, yotuwa moyera, yopanda chilichonse kuseri. Kukula kwake ndi theka la boneti la kumtunda, ndipo imagwira ndi ngowe zinayi zoveka kapaipi. Kumtunda kwake tapinda kamlomo ka masentimita atatu kuti madzi asabwerere m'mbuyo.

Kamlomo kameneka ndiye mtima wa ntchito yonseyi. Pakati pa boneti ndi galasi pali pulasitiki wa timabowo momwe mumalowera mpweya wopita m'kati mwa galimoto. Titamuvula tinapezamo mamba ouma, masamba ndi matope onunkha, ndipo ngalande zotulutsa madzi m'mbali zinali zitatsekeka. N'chifukwa chake dalaivala akayatsa fani anthu ankagwira mphuno. Tatsuka ndi madzi ofunda a sopo mpaka madzi kutulukira pansi kuseri kwa matayala akutsogolo.

Chotchingachi ndi chovala pa ulendo wokhala ndi nsomba basi. Pofika chivulidwe, chitsukidwe mbali zonse, chiyanikidwe. Sichogona paboneti.

Tinene mosabisa kuti pa waipa si pokoleka nsomba. Mkono wa waipa wa kumanzere pa Sienta iyi unali utapindika, ndipo timano ta pomwe umagwirira tinali titadyeka, moti mvula ikanagwa ukanangoima pakati pagalasi. Tasintha mkonowo. Mwini wake wavomera kugula bokosi losungira zozizira loti lizikhala kumbuyo ndi ayezi. Makasitomala ena adzakakamirabe zokoleka panja, tikudziwa, koma chilichonse cholendewera chisatchinge maso a dalaivala, nyale kapena nambala.

Za kapulasitiki kakuda kaja kopingasa kutsogolo kwa boneti, komwe ena amati kamathamangitsa miyala: tinakaganizira n'kukasiya. Kamathandizako pa tizilombo touluka madzulo m'mbali mwa nyanja, koma mwala sumvera mphepo, ndipo tingowe take timasunga mchenga.

Sabata yachisanu ndi chiwiri: masitika a Caravan

Masiku 30 akwana ndi kupitirira. Tisanamate tayesa penti: tamata tepi wolimba pakona yobisika, kusindikiza, n'kumatula mwamphamvu. Sipanachoke kanthu.

Masitika alipo a mitundu iwiri, ndipo ogulitsa ambiri sakuuzani. Wotchipa, yemwe amamutcha calendered, amapangidwa mochita kukanikiza ndi kukoka pulasitiki, ndiye akatenthedwa amafuna kubwerera mwakale. Amafupika, n'kusiya kamzere ka guluu m'mphepete komwe fumbi limamatirira n'kuda. Winayo, cast, ndi wopyapyala, amatsata mapindiko a chitsulo ndipo safupika kwenikweni, koma mtengo wake ndi wokwera. Pa zilembo zapamalo osalala wotchipayo amakwanira. Pokuta boneti yonse ndi makona ake, gulani cast kapena musiye. Dziwaninso kuti zaka zomwe amalemba pa mpukutu amawerengera malo oimirira ngati chitseko. Boneti imayang'ana kumwamba, ndiye imatha msanga kuposa pamenepo.

Mwini wake amafuna zofiira ndi zoyera chifukwa ndi wa timu ya mpira ya Bullets. Tamuchenjeza kuti chofiira ndiye chimayamba kusuluka, ndipo zowala ngati choko cha pinki kapena chobiriwira chonyezimira zija zimafa m'miyezi yochepa. Tagwirizana zilembo zakuda zochindikala, mzere umodzi wofiira pansi pake womwe ungasinthidwe pawokha. Wofiirayo ndi wamba, osati wonyezimira usiku. Kutsogolo kwa galimoto zonyezimira zimakhala zoyera, zofiira ndi za kumbuyo, ndipo dalaivala wobwera kutsogolo usiku asasokonezeke kuti akuona mbali iti. Sitinakute boneti yonse ndi mtundu wina, chifukwa mtundu wa galimoto unalembedwa m'mapepala ake ndipo sitikufuna mafunso pa nthawi ya COF, poyeza galimoto ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu.

Kutalika kwa zilembo ndi masentimita 12. Mawu ochepa akuluakulu amawerengeka galimoto ikubwera. Chiganizo chachitali cha tizilembo topotanapotana chimangooneka ngati zokanda nkhuku.

Pamwamba pa dzinalo mwini wake anapempha mawu a Mashallah m'zilembo za Chiarabu, monga amakondera ambiri kuno. Apa wodula asamale kwambiri. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere ndipo zilembo zake zimagwirana. Mapulogalamu ena a pakompyuta amazitembenuza n'kuzilekanitsa, ndipo munthu wosadziwa kuwerenga saona cholakwika. Zinatichitikira pa kudula koyamba. Mwayi tinayamba tasindikiza papepala n'kuonetsa munthu wodziwa, yemwe anaona nthawi yomweyo. Timadontho ta pamwamba pa zilembo timachokanso mosavuta posenda zotsalira, ndipo kadontho kakasowa chilembo chasintha. Chimodzimodzi mawu a Chiyao: mwini wake alembe yekha papepala, wodula atsatire. Mawuwa tawaika kumtunda, kutali ndi pomwe matope amafika.

Kamatidwe kake kanali motere. Tachapa ndi sopo wa mbale kuti polishi achoke, kenako kupukuta kawiri ndi sipiriti woyera wa isopropyl, nsanza ina yonyowetsa, ina youmitsa. Ochapa magalimoto ena amachotsa phula la msewu ndi dizilo kapena parafini. Zimenezi zimasiya mafuta osaoneka ndi maso, ndipo sitika imayamba kunyamuka m'makona sabata isanathe. Tagwira ntchito 6 koloko m'mawa pamthunzi, boneti ikuzizira pokhudza. Pachitsulo chotentha guluu amagwira nthawi yomweyo musanawongole, ndipo sitika imatamuka n'kupotoza zilembo. Tapeza pakati pa boneti poyeza kuchokera m'mbali, osadalira chizindikiro. Tagwiriza mawuwo ndi tepi pakati, kusenda pepala la kuseri mbali imodzi, kusalaza ndi kapulasitiki kokulunga nsalu kuchokera pakati kupita kunja, mzere uliwonse kuponda theka la unzake, kenako mbali inayo. Tithovu tiwiri totsala taboola ndi singano m'mbali n'kufinya mpweya. Lezala ayi, imasiya bala lomwe limakula.

Mzere wofiira tinaupinda kuseri kwa boneti sentimita imodzi n'kuufunditsa ndi heat gun, chida chonga mfuti chotulutsa mpweya wotentha. Pomwe sitika yakokedwa pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 90 kuti iiwale maonekedwe ake akale, ndipo mfutiyo iziyendayenda, isaime pamodzi. Masiku awiri osachapa. Pambuyo pake wochapa ndi mpope wamphamvu asalunjike m'mphepete mwa zilembo.

Kumapeto kwa Novembala: zomwe dzuwa lachita

HiAce inadumpha masabata awiri osavula chophimba, chifukwa kondakitala anasintha ndipo watsopanoyo sanauzidwe. Titavula, m'matumba a m'makona munatuluka mchenga wodzaza supuni, ndipo fulanelo wa m'munsi anali wokhakhala ngati sandipepa. Mchenga wa kuno ndi wosalala, umalowa paliponse, makamaka galimoto ikamaima m'masiteji a fumbi. Ukangolowa pansi pa chophimba, kugwedezeka kwa msewu kumausandutsa chopalira. Penti wa m'makona wachita timikwingwirima tomwe tachotsa ndi polishi, koma kiliya ali ndi malire, sangapalidwe mwezi ndi mwezi.

Mbali yabwino: parekizini pali zipsera zatsopano za miyala, ziwiri zakuya ndithu, koma pansi pake penti ali bwinobwino. Ntchito yomwe chinasokedwera chikuigwira.

Rekizini wakuda amatentha moti masana sungasiyepo dzanja. Pa HiAce izi sizikhudza injini, koma zimafulumizitsa kuuma kwa rekiziniyo. Pa galimoto ya injini yakutsogolo ngati Sienta, Noah kapena Voxy, tikanasankha wotuwa. Chinanso choti eni adziwiretu: gawo lophimbidwa silisuluka pomwe lotsala likusuluka, ndiye pakatha chaka kapena ziwiri galimoto yamtundu imakhala ndi maonekedwe awiri. Pa yoyera sizionekera kwambiri.

Pa Caravan zilembo zakuda sizinasunthe. Kona imodzi ya mzere wofiira inanyamuka pang'ono pomwe boneti imakhudza mpira wotsamira. Tadulapo kachidutswa kuti isamakhulane. Chotchinga cha Sienta chili bwino, kupatula ngowe imodzi yomwe kapaipi kake kanavuka n'kukanda penti kuseri. Tsopano timapaipi tikumamatira ndi guluu.

Disembala: mvula

Itagwa mvula yoyamba yamphamvu tinaveka HiAce chophimba cha fulanelo tsiku lina, cha siponji tsiku linzake, n'kumavula m'mawa wotsatira. Cha fulanelo chinali chonyowa m'munsi mokha, ndipo chinauma pa ola limodzi chili pachingwe. Cha siponji chinkadontha pochifinya, ndipo paboneti panali chifunga choyererako m'kati mwa kiliya, chizindikiro chakuti chinyezi chatsekeredwa pamalo otentha. Chifungacho chinachoka boneti itakhala padzuwa theka la tsiku. Chikabwerezedwa kambiri sichichokanso. Siponji taichotsa, ndipo sitidzaikanso pa zophimba za kuno.

Timipata totulutsa madzi titatu tachepa. Tawonjezera tiwiri m'makona momwe madzi amadikha. Mabala omwe tinadontheza penti mu Seputembala onse ali otseka kupatula limodzi, lomwe layamba kufiira m'mphepete; zikuoneka kuti dzimbiri silinafe lonse. Talikandanso.

Caravan yabwera ndi matope ofiira mpaka pagalasi kuchokera njira ya ku Makanjira. Matope akauma pasitika musawapale ouma. Anyowetseni kaye, adikire, atsike okha ndi madzi ambiri, nsanza ibwere pomaliza. Malo omwe panali dzimbiri sakuonetsa kutupa kulikonse, kutsogolo ndi kuseri komwe.

Dongosolo lomwe tasiyira madalaivala ndi makondakitala, lolembedwa pakhadi lomata kuseri kwa chotchinga dzuwa: nyengo yadzuwa chophimba chivulidwe kamodzi pa sabata, chikung'unthidwe, boneti ichapidwe ndi kuuma chisanabwerere, nyengo yamvula chivulidwe tsiku lililonse lomwe chanyowa, chisalowe kochapira galimoto chili chovala, ndipo aliyense wotsegula boneti kuthira madzi ayese loko ndi manja akatseka.

Zotsala: kusoka chophimba chotuwa cha HiAce kuti tiyerekeze ndi chakuda, kupopera kiliya watsopano pa boneti ya Sienta mvula ikadukiza, ndi kujambula mzere wofiira wa Caravan pafupi ndi chidutswa chomwe tasunga m'kabati, kuti mu Epulo tidzaone kuti wasuluka motani.